Mboni Yafera M'kabati

M'banja mwathu muli anthu awiri amene sitiwasiya okha m'chipinda chimodzi: amalume, amene apopera mankhwala a nsikidzi, mphemvu ndi makoswe m'nyumba za anthu kwa zaka makumi atatu, ndi mchimwene wanga wa mu labu ya pachipatala, amene tinamupatsa dzina loti Ndondomeko chifukwa ukamutuma kukaona ngati madzi awira, amapita, n'kuona, n'kubwera kudzanena kuti awira, koma osaphula. Nthawi imene azakhali, akazi awo a amalume, anagonekedwa ndi matenda a m'chikhodzodzo amene anakana mankhwala amitundu iwiri, lamulo limeneli tinaliiwala, ndipo amalume analowa mu labu masiku awiri otsatizana. Za tsiku lachiwirilo aliyense anandifotokozera payekha, ndipo aka kanali koyamba nkhani zawo kugwirizana.

Inali hafu seveni m'mawa. Ndondomeko anali pa tebulo lalitali, kutsogolo kwake kuli timbale titatu tovindikira ndi fomu imodzi. Amalume analowa atavala ovolosi, chipewa chili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Zafa?"

"Azakhali agona bwanji?"

"Thupi moto mpaka kucha. Ndati zafa?"

"Ziti?"

"Zilombo za azakhali ako. Zimene unandisonyeza dzulo m'kabati yofunditsa umo."

"Mabakiteriya."

"Chinthu chogoneka mkazi wanga masiku khumi usachipatse dzina la kusukulu. Zafa?"

Ndondomeko ananyamula mbale imodzi n'kuiyang'ana cha kuwindo.

"Afa."

"Zonse?"

"Onse."

"Palibe n'chimodzi chomwe chikupuma?"

"Sapuma ngati ife. Koma wamoyo palibe."

"Eya."

Amalume anakoka kampando, anakhala, n'kuveka bondo chipewa. Anakhala mmene amakhalira akamaliza kupopera nyumba, podikira kuti mwini wake ayambe kuthokoza.

"Si eya, amalume."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi tsoka."

"Zilombo kufa, tsoka?"

"Adokotala abwera teni koloko. Akufuna ndiwauze ngati mankhwala amphamvu amene atsala pachipatala pano angagwire ntchito mwa azakhali. Ngati sangagwire, aitanitse ena kuchipatala chachikulu. Galimoto yopita kumeneko inyamuka lero masana. Ikatisiya, ina ndi Lachisanu."

"Ndiye uwauze kuti zafa."

"Afa a m'mbale. A mwa azakhali ali moyo."

"Ndi zomwezo."

"Ndi abale awo."

"Uthenga ukazipeza. Mphemvu ukapha za kukhitchini, za kuchipinda zimamva."

"Mabakiteriya alibe makutu."

"Mphemvu unaziona makutu iwe?"

Ndondomeko anafuna kuyankha, koma anaona kuti funsolo likufunika buku, ndipo bukulo linali kutali. Anangotenga cholembera.

"Chazipha n'chiyani?" anafunsa amalume, maso ali kudenga.

"Kabati. Imayenera kukhala pa madigiri 35, monga thupi la munthu. Ndaipeza pa 65."

"Aa, 65. Nambala yabwino imeneyo. Nsikidzi imafa pa 50, mazira ake pa 60. Isanuyo ndi basela."

"Sitisunga nsikidzi muno."

"Ndikungonena. Ndiye yakwera bwanji?"

"Ndalemba apa kuti yadzikweza yokha."

"Yokha."

"Yokha."

"Kabati ili ndi manja?"

"Ilibe."

"Nanga?"

"N'chifukwa chake ndaitana wamagetsi."

Amalume anachotsa chipewa pabondo lamanja n'kuchiika pa lamanzere.

"Mphwanga, taganiza bwino. Dzulo madzulo muno munali ndani?"

"Ine."

"Wina?"

"Inu, mutabwera kudzafunsa zotsatira."

"Ndiye iwe unatuluka."

"Mphindi khumi. Anamwino anandiitana."

"Ndiye?"

"Ndiye munatsala nokha." Ndondomeko anakweza mutu. "Kodi munaona wina akulowa?"

"Sindinaone munthu."

"Basi ndalemba zoona. Yokha."

Amalume anapuma mokoka. Munthu amene wachita chinthu chachikulu ndiye wina n'kuyamikira kabati, mtima wake umawawa mwa mtundu wina.

"Tandiuza kaye," anatero. "Zilombo zimenezi umazifunditsiranji?"

"Kuti akule."

"Kuti zikule. Ndipo dzulo unati umazidyetsa."

"Msuzi wa m'botolo."

"Zilombo zikumwa msuzi, mkazi wanga akukana ndi tiyi yemwe."

"Msuzi wake si womwa anthu."

"Zili ndi msuzi wakewake. Chabwino. Kenako unaziponyera mankhwala."

"Kapepala kamodzi kozungulira, konyowetsedwa ndi mankhwala amphamvu aja. Kamakhala nawo mumsuzimo maola anayi."

"Kuti zife."

"Ayi. Kuti tione ngati angawononge mankhwalawo."

"Mankhwala amene mkazi wanga sanalandirebe, zilombo zayamba kulawa."

"Eya."

"Ukuvomera."

"Mwafunsa."

"Ndiye chilombo chiwononga bwanji mankhwala? Mankhwala ndi amene amawononga chilombo. Ndi mmene dziko linapangidwira."

"Ena ali ndi enzayimu."

"Ndiye chiyani?"

"Ndi chinthu chimene amatulutsa. Chimadula mankhwala asanawafike."

"Sizasi."

"Si sizasi."

"Imachita chiyani?"

"Imadula."

"Sizasi."

"Sizasi ili ndi zogwirira."

"Iwe unaiona kuti ilibe zogwirira?"

"Siioneka ndi maso. N'chifukwa chake timayeza."

"Umayeza chinthu chosaoneka, cha chilombo chosaoneka, ndipo pamwezi amakuitana kuti wagwira ntchito. Pitiriza."

Ndondomeko anapitirizadi, pakuti anauzidwa kutero.

"Maola anayi akatha, kapepala kaja timakachotsa n'kukaika pa mbale ina, pamene tadzala mabakiteriya ena."

"Zinanso? Za ndani?"

"Athu. Timaweta."

"Mumaweta."

"Ndi ofooka. Mankhwala alionse amawapha."

"Zinadwalitsa ndani zimenezo?"

"Palibe."

"Zinalakwa chiyani?"

"Palibe. Ndi mboni. Timawagoneka m'kabati usiku umodzi. M'mawa tikapeza kuti afa mozungulira kapepala, malo ayera ngati mphete, ndiye kuti mankhwala akadali ndi mphamvu, mabakiteriya a azakhali alephera kuwadula. Tikapeza kuti amera mpaka kukhudza kapepala, ndiye kuti kapepalako kabwera kopanda kanthu. Enzayimu ilipo."

"Ima pomwepo. Wolakwa mumamupatsa msuzi. Wosalakwa mumamupha."

"Mongoyerekeza, eya."

"Ndipo mboni ikafa, mlandu wayenda bwino."

"Ikafa mozungulira kapepala."

"Chabwino, yafa. Ukudandaula chiyani?"

"Yafa mbale yonse. Ndi mbale ziwiri zoyerekezera izi, zonse mbee. Sitikudziwa ngati yafa ndi mankhwala kapena ndi kutentha."

"Kufa ndi kufa."

"Pa pepala la adokotala pali mayankho awiri: enzayimu ilipo, enzayimu palibe. Kufa ndi kufa palibepo."

"Kuntchito kwanga, mayi wapanyumba akadzuka n'kupeza mphemvu zili chagada, safunsa kuti zafa ndi chiyani. Amatenga tsache."

"Kuntchito kwanga timafunsa."

"N'chifukwa chake simumaliza."

Firiji yoyera ya pakona inali kulira mwa masiku onse. Ndondomeko anawerama n'kuyamba kudzaza mzere wina wa fomu, akuwerenga chapansipansi: "Chifukwa cha vuto: makina akalamba." Pamenepo amalume analephera kupirira.

"Ndine."

"Ndinu chiyani?"

"Ndinakweza ndine. Batani lozungulira ilo. Fufuta liwu loti yokhalo, ulembe dzina la munthu amene anagwira ntchito."

Ndondomeko anaika cholembera pansi bwinobwino, molunjika ndi m'mphepete mwa fomu. Ife am'banja timadziwa kuti akatero ndiye kuti wapsa mtima kwambiri.

"Ndinakuuzani kuti musakhudze kanthu."

"Unati ndisakhudze mbale iliyonse."

Ndondomeko anaganiza kaye. Anabwerera m'mutu mpaka dzulo madzulo, napeza mawu ake ali pomwe anawasiya.

"Ndinaterodi."

"Ndinakhudza mbale?"

"Simunakhudze."

"Basi."

Aka kanali koyamba munthu kumukwapula Ndondomeko ndi ndodo yake yomwe, ndipo iye anailandira osaphethira.

"Munakwezeranji?"

"Ndinaona zilombo zonse zili m'kabati imodzi, chitseko chotseka, batani la moto lili pompo. Mwayi wotero subwera kawiri. Nsikidzi ndimachita kuzisaka m'matiresi, m'ming'alu, kuseri kwa zithunzi. Izi unandisonkhanitsira wekha."

"Sindinakusonkhanitsireni."

"Ndipo taona, azakhali ako thupi lili pa 39. Thupi lawo likudziwa chochita, langochepa mphamvu."

"Munthu sitimukweza, amalume."

"Sindinanene kuti 65."

"Musanene nambala iliyonse."

"Ndimangoganiza."

"Musaganizire kuwodi."

Amalume anapinda manja. Makani awo amatha ngati makala a mtengo wouma, pang'onopang'ono, pamwamba phulusa koma pansi moto.

"Komabe zafa," anatero.

"Afa. Ndipo teni koloko ndikawauza adokotala kuti sindikudziwa. Akapereka mankhwala amphamvuwo mongoganiza, ngati enzayimu ilipo, azakhali akhala akubayidwa madzi mpaka Lachisanu. Akapanda kupereka, akhala opanda kanthu mpaka Lachisanu. Mbale iyi ikanatiuza. Inatsala ndi usiku umodzi basi."

Sanakweze mawu. Ananena ngati akuwerenga chikwangwani. Amalume anayang'ana mbale zitatu zija, zoyera bwino, zopanda kadontho, mtundu wa ntchito imene moyo wawo wonse anthu akhala akuwathokoza nayo.

"Ndiye kuti ndinapha amene amati atiuze."

"Eya."

"Mboni."

"Ndi woimbidwa mlandu yemwe."

Amalume anatembenuza chipewa m'manja kawiri.

"Mphwanga, ndikuopa. Nyumba za eni ndayeretsa zosawerengeka. Mahotela, masukulu, ndi ndende yomwe. Lero chilombo chalowa mwa mkazi wanga, ine masiku khumi ndangokhala pambali pa bedi, nditagwira chipewa ichi. Akandiyang'ana ndimanamizira kuwerenga botolo la diripi. Dzulo nditaona batani lija ndinati, ichi chokha ndikuchidziwa."

"Nanenso ndikuopa."

"Iwe?"

"Kuyambira Lachiwiri, cha m'ma folo."

"Unayang'ana wotchi?"

"Inali patsogolo panga. Ndipo wotchi anandiphunzitsa kuwerenga ndi azakhali."

Amalume anagwedeza mutu. Kwa anthu amenewa kumeneko ndiye kukumbatirana.

"Tiyambirenso," anatero amalume. "Ndikatenge botolo lina la mkodzo kuwodi?"

"Botolo latsopano ndi masiku atatu. Limodzi kuti amere, lina kuti tiwasiyanitse ndi ena, lachitatu kuyeza."

"Sungaziuze kuti zifulumire?"

"Alibe makutu."

"Unanena."

"Koma mbale yoyamba, imene ndinatengapo mabakiteriya a dzulo aja, ili m'firiji."

Amalume anayamba kuyang'ana kudenga.

"Amalume."

"Firiji iti?"

"Ilipo imodzi."

"Yoyera iyo?"

"Amalume, munatsegula firiji?"

"Ndinangosuzumira."

"Munachita chiyani?"

"Ndinaiona mbale yake. Yodzaza timadontho tonenepa, tonyezimira, topanda ndi manyazi omwe. Manja anandiyabwa. M'thumba ndinali ndi kabotolo kanga ka jiki."

"Ndiye?"

"Unati ndisakhudze mbale."

Ndondomeko anavala magolovesi, anatsegula firiji, natulutsa mbale imodzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali cha kuwindo. Amalume anaimirira osadziwa kuti aimirira.

"Zili moyo?"

"Ali moyo."

"Zonse?"

"Okwanira."

"Usaigwire ndi dzanja limodzi, igwa. Ii, mbale yazizira chonchi? Usiku wonse m'chisanu? Kodi zadya?"

"Chakudya chili m'mbale momwemo."

"Chikwana? Zikuoneka zofooka. Ichi cha kumphepete ichi sichikusangalala."

"Pomwe paja mumafuna kuwathira jiki."

"Pomwe paja ndi pomwe paja. Tseka windo, mphepo ikuziomba."

Ndondomeko anatseka windo, chifukwa linalidi lotsegula.

"Ndiye yamba," anatero amalume. "Kapepala, msuzi, mboni, zonse."

"Njira imeneyo itipatsa yankho mawa m'mawa. Galimoto ndi lero masana."

"Palibe njira yachidule?"

"Ilipo. Timatenga mabakiteriya pang'ono, timawaika m'kabotolo ka madzi ofiira momwe muli mankhwala aja. Ngati ali ndi enzayimu, akadula mankhwalawo madziwo amasanduka achikasu. Akakhalabe ofiira, palibe. Maola awiri."

"Maola awiri."

"Osapitirira."

"Iwe, nanga masiku onsewa umadikira chiyani?"

"Timabotolo timeneto tatsala tiwiri chipatala chonse. Tili m'dirowa ya abwana a labu, yokhoma. Amatulutsa pokhapokha njira ya masiku onse yalephereka pa chifukwa chimene chili pa fomu iyi."

"Monga?"

"Monga makina akawonongeka."

Nkhope ya amalume inamasuka.

"Basitu, walemba kale. Thamanga nayo."

Koma Ndondomeko anali atatenga rula, ndipo anali kujambula mzere wowongoka bwino pa fomupo.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikufufuta liwu loti yokha."

"Chifukwa?"

"Mwandiuza kuti ndifufute."

"Ndani? Ine?"

"Munati ndilembe dzina la munthu amene anagwira ntchito."

"Aa, zimenezo zisiye. Kabati iyi yakalamba. Taiona dzimbiri kumapaziku."

"Kabati ili ndi manja?"

"Makabati a masiku ano sungawadziwe."

"Mwangonena kuti ndi yakale."

"Akalewo ndiye oopsa. Amakhala ndi maganizo awo."

"Munati munakweza ndinu."

"Ndimaseka."

"Simunaseke."

"Ndinanama, basi. Wamva? Amalume ako ndi abodza. Lemba yokha."

"Munanama liti, poyamba paja kapena pano?"

"Pamene pakuthandize."

"Pa fomu palibe malo amenewo."

Amalume anayenda mpaka kuchitseko n'kubwerera. Mu labu mulibe malo oti munthu wokwiya ayendemo, amangozungulira ngati nkhuku yomangidwa mwendo.

"Mphwanga, ndi azakhali ako. Liwu limodzi. Ndani adziwe?"

"Wamagetsi. Ndikalemba kuti yawonongeka, ainyamula. Ulendo watha anakhala nayo masabata atatu. Dzulo munali mbale za azakhali zokha, koma lero zikubwera zisanu ndi imodzi, ziwiri za kuwodi ya makanda. Zigona kuti?"

"Kwathu. Ndili ndi mabulangete."

"Bulangete silikhala pa 35."

"Ukandiuze iwe za bulangete langa?"

"Sindilemba bodza, amalume. Kabati ilibe mlandu."

"Lero aliyense alibe mlandu. Mboni ilibe mlandu, kabati ilibe mlandu. Tabwera nayo fomuyo."

Amalume anaitenga, anaitalikitsa ndi dzanja mpaka pamene maso awo anagwirizana nayo, n'kuyamba kuwerenga ndi chala.

"Chifukwa choyamba, makina awonongeka. Ichi wachikana. Chachiwiri, magetsi azima kupitirira maola anayi. Anazima?"

"Sanazime."

"Tsiku lokhalo limene tikuwafuna kuti azime. Chachitatu." Chala chinaima. "Zoyezedwa zawonongedwa ndi chowononga cholowa m'chipinda, monga khoswe, nyerere, kapena china."

"Chimenecho sichikutikhudza."

"Chete. Gawo ili ndi la kwathu. Mafomu otere ndadzaza ambiri kuposa tsitsi lako. Lemba khoswe."

"Khoswe sapotokola batani."

"Sunawaone makoswe amene ndawaona ine. Kuhotela ina anatsegula chitini cha mkaka n'kutsekanso."

"Muno sindinaone khoswe."

"Nyerere."

"Amalume."

"Zikagwirizana zimanyamula chinthu chachikulu."

"Sindinaone nyerere."

Amalume anabwerezanso mzerewo, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anaika fomu pa tebulo, anaiwongola ndi chikhatho, n'kukhalanso pa kampando kaja. Ulendo uno sanakhale ngati wodikira kuthokozedwa.

"Kapena china," anatero. "Ndikufunsa, uziyankha zoona zokhazokha, monga mwa matenda ako. Dzulo madzulo muno munalowa chinthu?"

"Munalowa inu."

"Sindinafunse dzina. Chinalowa?"

"Chinalowa."

"Ndi cha muno?"

"Si cha muno."

"Chinawononga zoyezedwa?"

Ndondomeko anayang'ana mbale zitatu zija.

"Chinawononga."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Ndondomeko anawerenga chifukwa chachitatu kuyambira pachiyambi mpaka pa kadontho komaliza. Anatembenuza fomu kuona ngati kuseri kuli mawu oletsa. Kunalibe. Anatenga cholembera.

"Zikugwirizana," anatero.

"Ndikudziwa."

"Pali mafunso. Mtundu wa chowononga."

"Chachikulu. Chakale."

"Miyendo ingati?"

"Pali funso limenelo?"

"Lilipo. Ndi losiyanitsa tizilombo ndi nyama."

"Iwiri. Wamanzere umavuta kukazizira."

"Zimenezo sindilemba. Chinalowera pati?"

"Pakhomo."

"Panali bowo?"

"Anachitsegulira, n'kuchipatsa mpando."

Cholembera chinaima pang'ono, kenako chinalemba zomwezo, liwu ndi liwu. Mchimwene wanga ali ndi zovuta zake, koma sadzikhululukira pamene sanakhululukire kabati.

"Zizindikiro zimene chasiya."

"Mboni imodzi yakufa."

"Mbale zitatu."

"Lemba mmene ukufunira."

"Kodi chagwidwa?"

"Chabwera chokha kudzadzipereka."

"Chinakopeka ndi chiyani? Pali chakudya, madzi, kutentha."

Amalume anayang'ana chipewa chawo.

"Lemba kuti mkazi wake akudwala."

Ndondomeko anafunafuna malo oyenera, sanawapeze, ndipo analemba m'mphepete mwa pepala, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. M'khonde munamveka makiyi. Abwana a labu anali akutsegula ofesi yawo. Wotchi ya pakhoma inali itangopitirira eyiti koloko pang'ono, ndiye kuti madzi ofiira aja akanatha kuyankha adokotala asanamalize kuzungulira wodi, galimoto ikadali pabwalo.

"Thamanga," anatero amalume.

"Sinathe. Pansi apa akuti fomu ya chifukwa chachitatu siilandiridwa popanda siginecha ya katswiri wothana ndi zowononga, wokhala ndi chiphaso. Chipatala chimaitana wa kutauni. Amabwera pakatha masiku awiri."

Amalume anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, kuseri kwa kabotolo ka jiki, natulutsa kakhadi kakuda ndi thukuta, kokutidwa ndi pulasitiki. Anakaika pa tebulo. Ndondomeko anakatenga, anayang'ana chithunzi, anayang'ana amalume, anayang'ana deti.

"Chikugwirabe ntchito mpaka Disembala."

"Bwera nacho cholembera."

"Muwerenge kaye. Mukusainira kuti mwachiona chowonongacho ndi maso anu, mwachizindikira, ndipo mwachitapo kanthu kuti chisadzalowenso."

"Ndimachiona m'mawa uliwonse pometa ndevu."

Anasaina pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu, mmene amasainira kumahotela. Siginecha imeneyo ikadali m'faelo ya labu mpaka lero, ndipo azakhali sitinawauze. Kenako amalume anavala chipewa, anayang'ana mbale ya m'firiji ija komaliza ngati munthu wosiya mwana kusukulu tsiku loyamba, natuluka. Ataima m'khonde, anatembenuka.

"Fomu ikufuna njira imene mwagwiritsa ntchito pothana nacho," anatero Ndondomeko, cholembera chili m'mwamba.

"Khoma chitseko ichi, ndipo ndikagogoda usatsegule, ngakhale ndichonderere bwanji," anatero amalume. "Mtundu umenewu ndimaudziwa. Umabwerera."